Tsiku Limene Ndinatopetsa Gitala ya Lemekezani

Amene akuti ndikunama asiye bawoyo, abwere adzagwire zala zangazi. Gwira iwe, usaope. Wamva kuuma kwake? Zaka makumi anayi ndikuimba gitala m'maukwati kuyambira kuno ku Mitundu mpaka ku Malingunde, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga, moti akazi anga a Nabanda akafuna kusonkha moto amayatsira machesi pachala ichi.

Ndiye kubwere Lemekezani, uja anapita ku Joni kukatsuka magalimoto, ndi gitala yake yamagetsi yokhala ndi kompyuta m'mimba, basi anthu onse mitu kuzungulira. Akuti ili ndi kabatani, ukapotokola kamodzi ilira ngati gitala ya bokosi, kawiri ngati banjo, katatu ngati ya nsambo khumi ndi ziwiri, kuchuna imachuna yokha, nsambo zake n'zofewa ngati ulusi moti ngakhale wa zala za mu ofesi aimba tsiku lonse osatuluka thuza. Imeneyo ndi gitala kapena wailesi? Koma komiti ya ukwati wa Esinati, mwana wa mchemwali wanga weniweni, inayamba kunong'onezana kuti Loweruka ku Nathenje akaimbe Lemekezani. Ine malume ake a mkwatibwi ndili moyo! Nsanje inandigwira, sindibisa, mpaka ndiwo kumandiwawa m'kamwa.

Lemekezaniyo ndinamupeza dzuwa lili paliwombo, pakhonde la ometa tsitsi pamsika pompano, anthu atamuunjirira.

"Tabwera nayo kuno, mphwanga, ilawe dzanja la mwamuna."

"Madala, muigwire pang'onopang'ono, siifuna mphamvu."

Mukumva? Kundiphunzitsa ine kagwiridwe!

Nditangoikhudza kamodzi kokha, magitala onse okhala m'mimbamo anadzuka nthawi imodzi n'kuyamba kulimbirana kutuluka pawaya umodzi ngati anthu potsika minibasi, kabatani kaja kumazungulira kokha osakagwira munthu, kutentha kwake mayi wina anaotcherapo chimanga chitatu n'kugulitsa, mafoni onse m'matumba a anthu kumalira nyimbo yanga yomweyo, nsanja ya netiweki ija ya kuseri kwa msika n'kuwerama kuti imvetsere bwino, ndipo mpaka lero mukaiyang'ana mwachifatse mudzaona kuti siinawongoke. Minibasi yomwe inali itafika kale m'tauni inabwerera chafutambuyo, kondakitala akuvina pakhomo. Fodya wa matenanti a ku esiteti, wothyoledwa m'mawa womwewo, anauma m'zigafa n'kudzilongedza yekha m'mabelo. Nditalowa nyimbo yachiwiri ndinakoka magetsi onse a dera lino, zigayo za ku Nathenje zinayamba kuzungulira chobwerera, ufa kumabwerera kukhala chimanga, amayi kumathawa ndi madengu akulira. Ukuseka chiyani iwe? Kafunse amayi ako kuti tsiku limenelo anabwerako ndi chiyani kuchigayo.

Pofika nyimbo yachitatu mawu onse amene azungu anaikamo anali atatha. Ndinapempha kaligo, inalibe. Ndinapempha bangwe, inangokhosomola. Kenaka, pali Mulungu kumwamba, gitalayo inatuluka thukuta pakhosi n'kuyankhula Chichewa chomveka bwino, nikuti: "Pepani achikulire, ndatopa, ndiphunzitseni." Ndinaiphunzitsa mpaka dzuwa kupendeka. Ndiye chilichonse chokoma chomwe mumamva Lemekezani akuimba lero ndi changa, anangochitsekera m'kabatani kaja, chimatuluka ukapotokola kasanu ndi kawiri. Iye ntchito yake n'kupotokola basi, ngati wotsegula mpopi.

Ati Loweruka anaimba ndani? Bwanji mafunso ngati apolisi? Komiti inakhala pansi, n'kunena kuti malume wa mkwatibwi ndi munthu wolemekezeka, sangamatuluke thukuta ndi gitala pamaso pa akuchimuna. Anandiveka jekete, n'kundipatsa beseni la pelekanipelekani kuti ndiimirire nalo pakati pa bwalo, anthu akamavina aziponyamo ndalama. Ndinaima pamenepo masana onse ngati mtengo, Lemekezani ali kumbuyo kwanga kupotokola kabatani, akumwetulira dziko lonse.

Woyamba kuvina kudzafupa anali a Nabanda. Zaka makumi anayi sanathyolepo chiuno chotero pa gitala yanga, amati msana. Tsiku limenelo msana unapola, anabwera katatu, kachitatu n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, gwirani beseni bwino, mukulitaya."

Ndinkalitayadi, ndipo si chifukwa cha ukali. Ndinayang'ana pansi, n'kupeza phazi langa lomweli, lomwe ndimaligulira nsapato ndine, likuvina nyimbo ya Lemekezani. Ndinaliponda ndi linzake kuti lisiye, linzakelo n'kuyambanso.