Mesiya Wabodza wa pa Likhubula

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, andiyang'ane m'maso. Palibe? Ndiye khalani chete mumve za ine Namakhwa, amene ndakalambira kunyamula zikwama za alendo okwera phiri pa Likhubula.

Chaka china kunabwera anthu ojambula filimu ya nthawi za m'Baibulo, akufuna munthu woti asewere ngati mesiya wabodza, wonyenga anthu kuti azidya bwino, ndipo atangoona ndevu zangazi sanafunsenso wina. Anandiveka mkanjo woyera n'kundiimika pamwala pafupi ndi mtsinje, akuti ndilalikire. Abale inu, ine amene m'tchalitchi ndinkangolowamo pamaliro, nditatsegula pakamwa mawu anakagunda phiri n'kubwerera, mapeyala anayoyoka m'mitengo mpaka ku Chitakale, maminibasi anazima okha pasiteji, makondakitala n'kusiya kutukwana, ndipo othyola tiyi anataya madengu n'kuthamangira kwa ine, masamba a tiyi akuwalondola pambuyo pamzere ngati linthumbu. Mukumva?

Anthu anaiwala kuti ndi sewero. Ankandibweretsera nkhuku, nanazi, kalongonda, mbuzi ina inachita kubwera yokha italuma chingwe chake, ndipo ine m'malo mowauza zoona ndinkangokweza manja n'kumameza. Ojambula anamaliza ntchito n'kupita, ine mkanjo osavula. Ndinanenepa mpaka mwala uja unayamba kubuula.

Tsiku lina anabwera mayi Esinati, ogulitsa nthochi, atanyamulitsa amuna awo a Jailosi pamachira, thupi lili moto, maso atatembenuka. Anagwada nati, "Ambuye, kuchipatala sitinapite. Tadalira inu."

Ndevu zonse zinanyowa thukuta. A Jailosi ndinkawadziwa, tinasenzapo katundu limodzi zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti akafera pamapazi panga, wowapha ndine. Ndinayankhula gulu lonse likumva: "Mayi, dzukani. Ine ndine Namakhwa wonyamula zikwama. Sindingachize ngakhale chimfine." Kenako ndinagwada ineyo, koyamba chibadwire, n'kumuuza Mesiya weniweni kuti dzina ndamubera ndithu, koma asalange munthu wosalakwa chifukwa cha mimba yanga, angondipatsa miyendo basi.

Ndinavula mkanjo uja n'kuwabereka nawo a Jailosi kumsana, ndipo ndinathamanga, abale, ndinathamanga mpaka chithunzithunzi changa chinatsalira pamlatho chili wefuwefu, lole ya tiyi ndinaipitirira dalaivala n'kutsika kuti aone ngati yaima, fumbi langa linakakwera ku Mozambique amayi n'kuyamba kuanula zovala poyesa mvula, ndipo ndinafika pachipatala cha mishoni dontho la thukuta limene linachoka pachipumi panga ku Likhubula lisanagwe pansi. Mukumva? Anali malungo. Anamwino anati tikanachedwa pang'ono, tikanaimba nyimbo za maliro.

A Jailosi alipo, kafunseni, ndi amene amandisungira malo pabenchi Lamulungu lililonse. Mayi Esinati anandikalipira mwezi wathunthu, kenako anandikhululukira.

Chabwino, poti tsopano ndine wopemphera, ndivomere kamodzi kokha: kuyambira pamlatho paja tinakwera njinga yamoto. Koma amene anagwira wodwala njira yonse osamugwetsa, akupemphera mokuwa mpaka woyendetsa njingayo anatembenuka mtima tisanafike pahampu yachiwiri, ndani? Ndine.