Zimene Ndinakachita Kuseri kwa Nkhokwe ya Apongozi

Pali zinthu zimene mkamwini waulemu sachita pakhomo pa apongozi ake. Ine ndinachita zitatu madzulo amodzi, ndipo ziwiri mwa izo ndinachita kuphunzira pa intaneti.

Ndine kalaliki pa ofesi ina pa Boma la Phalombe (kwathu ndi ku Dowa, kuno ndinabwerera ntchito n'kupezako banja). Matenda ojambula anandigwira nditagula foni ya kamera yabwino. Masana anzanga akamapita kukadya chipisi, ine ndinkatsala ndikufufuza masamba a pa intaneti amene akatswiri amaikapo zithunzi zawo. Ndinkangoti kukamwa yasa. Dontho la mame pa udzu, mkati mwake mukuoneka thambo lonse. Nkhope ya nkhalamba ya kudziko lakutali, makwinya ake ooneka ngati mizere ya m'munda. Sindinkadziwa kuti munthu angagwire kuwala kwa dzuwa n'kukusunga.

Kenaka ndinapeza mavidiyo a maphunziro aulere. Mphunzitsi wake, bambo wina wandevu, anandipatsa malamulo amene ndinawasunga kuposa a ku ofesi. Jambula dzuwa likapendeka. Tsika pansi, ngakhale kugona chafufumimba. Ndipo munthu asadziwe kuti ukumujambula, chifukwa akadziwa amauma ngati wa pa chiphaso. Ndinapezanso tsamba lina limene umaikapo zithunzi, anthu akunja n'kumagula. Pamenepo ndinaona zithunzi za amayi akupeta, akutunga madzi, akusenza nkhuni. Ndinati, abale, izi kwathu kuno timangozidutsa tsiku ndi tsiku!

Loweruka lina ine ndi mkazi wanga tinapita kwawo ku Chiwalo. Muyenera kudziwa kuti chikwatirire, ine ndi apongozi anga aakazi tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Moni timapatsana chapatali, nkhope kumbali, ndipo nkhani zikuluzikulu zimadzera mwa mwana wawo. Ulemu umenewu ndinaumanga kwa zaka zambiri, ndipo m'mudzimo ndinkatchulidwa ngati chitsanzo cha akamwini.

Madzulo ake apongozi anali pabwalo akupeta nandolo. Dzuwa linali kumbuyo kwawo, mankhusu akuuluka akunyezimira, phiri la Mulanje lili bii chapatali. Zonse zimene ndinkasirira pa intaneti zinali pano, pabwalo la fumbi lomwe ndinali nditakhalapo kambirimbiri.

Ndinazemba n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Ndinagona chafufumimba monga anandiphunzitsira, ndikukwawa pang'onopang'ono, foni patsogolo. Ndinajambula kamodzi. Ndinajambula kawiri. Kachitatu sindinafike, pakuti bambo wandevu uja anaiwala kunena kuti munthu uziyamba wayang'ana pamene ukugonapo. Ndinali nditagona pa mzere wa linthumbu.

Amene analumidwapo akudziwa kuti linthumbu limayamba lalowa paliponse, kenaka n'kuluma nthawi imodzi ngati lapangana. Ndinadzambatuka, kudumpha, kudzimenya mbama m'ntchafu, n'kumasula lamba (musandiweruze, inunso mukanamasula). Potembenuka, ndinapeza apongozi ali chilili, lichero lili m'manja. Aka kanali koyamba kuyang'anizana nawo m'maso, ndipo buluku langa linali m'maondo.

Apongozi anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba. Posakhalitsa mkazi wanga anatulukira.

"Bambo a Tadala, amayi akufunsa kuti kuseri kwa nkhokwe mumafunako chiyani chokwawa."

Ndinafotokoza zonse. Ndinaululanso kuti tsamba logulitsira lija sililandira chithunzi cha munthu ngati mwini wake sanasaine kuti wavomera.

"Ndiye mumafuna kugulitsa amayi anga? Atavala chitenje chong'ambika chija?"

"Si iwo ayi, ndi chithunzi chabe."

"Tiyeni mukanene zimenezo iwo akumva."

Tinakhala pakhonde, ine kuno, apongozi uko atafulatira pang'ono, mkazi wanga pakati. Ndinali wokonzeka kumva kuti pakhomopo ndisadzapondenso. Mkazi wanga anawapatsira foni ija.

Apongozi anaiyang'ana nthawi yaitali, mpaka inazima, mkazi wanga n'kuwayatsiranso. Kenaka analankhula chapansipansi m'Chilomwe, chimene ine ndimangotolako moni. Ndinaona maso a mkazi wanga akulengeza misozi.

"Akuti awa si iwo," anatero. "Akuti ndi mayi awo, amene anabadwira ku Mozambique. Kaimidwe kake, kagwiridwe ka lichero, ndi komweko. Anamwalira opanda chithunzi ndi chimodzi chomwe."

Ine ndinkaona kuwala ndi mankhusu, iwo akuona munthu amene anamuika m'manda kalekale. Ndinachita mantha ndi kachipangizo kamene ndinkangoseweretsa m'thumba.

Ndipo apongozi, nkhope ili kumbali, analankhula ndi ine mwachindunji.

"Akamwini, ichi si chogulitsa. Mukachitsukitse, chachikulu, mubwere nacho."

"Chabwino, amayi."

"Ndipo tsiku lina mukafuna kugona pansi, muzinena, tikuyalireni mphasa."

Chithunzicho ndinakatsukitsa pa Boma, ndipo lero chili pakhoma pawo. Alendo akabwera amawauza kuti ndi amayi awo, ndipo palibe amene amatsutsa. Pa tsamba logulitsira lija ndinangoikapo mbuzi ndi phiri, poti izo sizifuna kusaina, ndipo mpaka lero palibe wagula. Kukwawa sindinasiye, kungoti tsopano ndimayamba ndayang'ana pansi. Chimene chimandipweteka n'chakuti nthawi iliyonse ndikafika ku Chiwalo, ndimapeza mphasa atayala kale kuseri kwa nkhokwe.