Anamzeze a Bambo

Lolemba
Bambo aimba kuchokera ku Zomba, mawu akuchita kunjenjemera. Moyo wawo wonse agwira ntchito m'nkhalango paphiri, ndipo Okotobala aliyense amadikira anamzeze ochokera kunkhalango zozizira za kumpoto. Pano maso anasiya kuona, pamphasa sakudzukapo. Akuti: "Ndamva amadzera kwanuko. Ukawaona undiuze, ndidziwe kuti ali m'njira." Ndalonjeza. Ine sekyuliti wa ku Msheireb, kuno kudziko la Aluya, wolipidwa chifukwa choyang'ana, mbalame ingandikanike?

Lachiwiri
Zida: mabainokyula a Rashidi wa mu room mwathu, diso limodzi losweka. Mpunga wotsala dzulo. Ndamwaza kuseri kwa building. Zabwera nkhunda, zonenepa ngati mabwana.

Lachitatu
Nkhunda zaitana abale awo. Zaipitsira galimoto ya supavaiza, galasi lonse mbuu! Iye: "Yallah, clean!" Ndikupukuta ndili mu yunifomu, nkhunda zikundionerera. Mphaka wina, ataona nkhunda, nayenso wayamba shift.

Lachinayi
Ndawauza Bambo za mpunga. Aseka mpaka kutsamwa. "Namzeze kudya mpunga? Amagwira tizilombo ali m'mwamba. Iwe ndinakulera ine?" Achemwali alanda foni, akuti ndisamawaseketse, mpweya ukuwathera. Kungonama kuti ndaona? Bambo angandifunse za mchira, n'kundigwira. Ndapempha leave. Supavaiza akuti: "Inshallah, Disembala."

Lachisanu
Off. Titatuluka kumzikiti ku swala ya Juma, ndakwera sitima ya metro mpaka ku paki. Ndaona: ndege za anthu, kaiti, jumbo youluka. Khosi lauma n'kuyang'ana kumwamba. Sekyuliti wa pakiyo wandifunsa chimene ndikusuzumira ndi diso limodzi. Manyazi bwanji, kuthamangitsidwa ndi mnzako wa ntchito imodzi!

Loweruka
Achemwali aimba ndili pageti. Bambo atisiya m'mawa uno, aikidwa dzuwa lisanapendeke. Anthu akuthira dothi kwathu, ine ndikutsegulira alendo chitseko, "welcome sir." Mtima ukundiwawa, ndipo pano palibe pokhala pansi n'kulira.

Lamulungu
Mabainokyula ndabweza. Kuno lero ndi tsiku la ntchito, ndili pa siteji ku Old Airport kudikira basi. Kenaka awo! Anamzeze, mchira wamphanda, akuuluka m'munsi pamwamba pa magalimoto, opanda mpunga, opanda mabainokyula. Dzanja lalowa lokha m'thumba kufuna foni. Ndalitulutsa lopanda kanthu.

Iwo sadikira leave, akafika kwathu ine ndisanafike. Ndawauza chamumtima kuti manda ali kuseri kwa mzikiti, m'munsi mwa phiri. Basi yabwera, ndakwera.