Fodya wa Apongozi

Lolemba

Sabata ino ndi yanga. Loweruka ankhoswe akumana pa nkhani ya chitengwa, ndipo ine ndikutsanzika chikamwini: nditenge mkazi wanga Nabanda ndi ana, ulendo kwathu ku Wimbe. Amalume anena mosabisa kuti ndikapanda kufika chaka chino, munda wa kudambo akupatsa msuweni wanga. Munda umene uja! Chimanga chake munthu ukalowamo suoneka ndi chipewa chomwe.

Chotchinga ndi chimodzi, apongozi akazi. Akakana iwo, palibe nkhoswe ingatsegule pakamwa.

Koma pofooka pawo ndapadziwa. Amatafuna fodya, ndipo chaka chonse akhala akudandaula kuti wogula pamsika wa pa Mtunthama ndi masamba a mbatata. Ndiye ine mwakachetechete ndidadzala kamzere ka labu, fodya wa makolo uja, kuseri kwa khola la mbuzi. Wauma bwino pakona pa chigafa, kutali ndi fodya wa bale wogulitsa ku okushoni.

Zofunika:
- masamba a fodya (alipo)
- chidulo (cha Nabanda, chothira m'therere)
- masamba a nthochi okulungira
- munthu wodziwa kapangidwe kake (palibe)

Fodya ndalima kuyambira ubwana, koma m'kamwa mwanga sanalowemo. Ndine wa kwaya ine. Kufunsa apongozi sindingathe. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire monga mwa mwambo, ndiye ndiyambira pati kuwafunsa za m'kamwa mwawo? Ndatuma Nabanda. Yankho lake: "Akuti woluma." Basi, mawu onse ndi omwewo.

Woluma aupeza.

Lachiwiri

Ndadzuka dzuwa litatuluka, mame atauma kale. Mwana aliyense wa ku Kasungu amadziwa kuti fodya sagwira pouma, koma phuma. Kungokhudza, tsamba phwanyu! Theka lasanduka fumbi.

Otsalawo ndawaza madzi, ndachotsa mitsempha, ndanyowetsa ndi chidulo, ndikupota ngati chingwe cha ng'ombe. Zatuluka nkhata zitatu zokongola ndithu. Yachinayi ndi ya zinyenyeswa ndi masamba ong'ambika, yoipa ngati chisa cha khoswe. Ndimati ndiitaye kudzala, koma Nabanda wabwera ndi kambiya kakale kong'aluka pakamwa. "Ponyani umu, mutseke ndi masamba a nthochi, muike padenga la khola. Anthu asaone manyazi anu."

Mkazi wabwino. Amateteza ulemu wa mwamuna wake.

Lachitatu

Wophika amalawa. Ndadula kachidutswa pa nkhata yoyamba, ndaika kutsaya monga amachitira apongozi.

Palibe adandiuza kuti malovu ake sameza.

Poyamba kutentha. Kenako ntchintchi. Kenako chigafa chayamba kuyenda chokha, mtengo wa mango ukuchitsatira. Ndagona chagada pabwalo, phala la m'mawa labwerera njira yomwe lidadzera.

Ndipo nthawi yomweyo apongozi akudutsa ndi dengu pamutu. Ine wopatuka, lero kudzuka kwakanika! Ndangophimba nkhope ndi chipewa ngati maliro.

Uthenga wafika kudzera kwa Nabanda: "Akuti ngati mwayamba kachasu, ku Wimbe mupite nokha, mwana wawo mumusiye."

Sindibwerera m'mbuyo. Woluma ndiye ndi woluma, umboni ndili nawo.

Lachinayi

Mutu ukadali kugunda. Ndatumiza kachidutswa ka nkhata yachiwiri kwa apongozi, kokulunga bwino m'tsamba la chimanga.

Kabwerako kosatha n'komwe. "Akuti kodi ndi chigwada chouma? Akuti kuluma kulipo, koma fungo mulibe, kukoma mulibe."

Fungo ndi kukoma. Chabwino.

Za fungo: nkhata yachiwiri ndaipachika pamwamba pa moto m'khitchini kuti ifukike ngati fodya wa chikopa. Za kukoma: ndaphwanya nzimbe, ndawiritsa madzi ake mpaka kulemera, ndapaka nkhata yoyamba ndi yachitatu, ndaziyanika pathandala.

Mnansi wanga wa kuseri waima pampanda kundiyang'ana. "Achimwene, mukuphika ndiwo kapena mukukonza njinga?" Aseke lero. Ndikadzakwera ngolo ya ku Wimbe ndi katundu wanga adzasowa womuseka.

Madzulo ano Nabanda wawamba usipa pamoto womwewo. Sindinaone msanga.

Lachisanu

Zotsatira:
- nkhata ya m'khitchini ikununkha usipa, mphaka sakuchoka pakhomo
- yoyamba yadzaza nyerere, zikuyenda nayo pang'onopang'ono kulowera kuuna
- yachitatu yadyedwa ndi tonde wa apongozi

Tondeyo waima pakati pa bwalo, miyendo tang'a, akuyang'ana kumwamba. Ndikumumvetsa, ndidali komweko Lachitatu. Akangofa, nkhani ya mawa isanduka mlandu wa mbuzi. Ndamumwetsa madzi ndi manja anga, ndikumupempherera kuposa mmene ndimapempherera abale.

Amalume aimba foni. "Mawa ndikubwera ndekha. Msuweni wako wagula kale khasu latsopano, ukudziwa?" Mtima wanga wawawa zenizeni. Pamunda paja mpamene mayi anga adandiphunzitsa kugwira khasu.

Ndimaganiza zothamangira pa Mtunthama kukagula wa pamsika n'kunama kuti ndi wanga, koma apongozi angauzindikire ali m'tulo. Nabanda wangoti, "Nanga wa m'kambiya uja?"

Ndautsitsa padenga. Watentha ndi dzuwa masiku onsewa, wachita thukuta, wada bii, ukumata m'manja. Fungo lake lokha landigwetsa misozi. Wa kudzala uyu. Koma wina ndilibe, ndipo kupita pabwalo chimanjamanja sindingalole. Nabanda wanyamula ndi kambiya komwe.

Loweruka

Tonde wadzuka, akudya. Chizindikiro chabwino.

Ankhoswe akhala pansi pa mango. Ine pambali, maso pansi, malaya a kwaya. Amalume ayala nkhani bwino kwambiri: zaka zimene ndakhala pano, chigafa chimene ndidamanga, nkhokwe ya apongozi imene ndimafolera chaka ndi chaka. Onse akugwedeza mitu.

Apongozi atsegula kambiya, atsina pang'ono, aika kutsaya. Tikudikira. Alavula kumbali. Atsinanso.

Kenako ndikumva mawu awo. "Chimwalirireni bambo ake a Nabanda, sindinalaweponso fodya wotere." Akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Mtima wanga uli kale pa ngolo, ukudutsa pa Mtunthama.

"Ndiye mkamwini wotere ndimupereke kwa yani? Ine ndili moyo, pano sachoka."

Ndadikira kuti amalume amenye nkhondo. Iwo apempha kulawako. Atafuna, atseka maso, apuma mozama. "Mayi, apa ndilibe mawu. Ndikadakhala ine, sindikadamulolanso."

Amalume anga enieni, a bere limodzi ndi mayi anga! Akwera njinga ndi chidutswa cha fodya wanga m'thumba la jekete, ndipo munda wapita kwa msuweni.

Lamulungu

Kwaya ndaimba, koma mawu samatuluka bwino. Munda uja ukundiwawa, ndisaname.

Pobwera kutchalitchi apongozi atidutsa ndi mtolo wa nkhuni woti ine sindingausenze. Ndapatukira kutchire, ndikuwayang'anira m'mapesi. Mayi amenewa safa lero kapena mawa.

Atumiza uthenga: malo onse a kuseri kwa khola ndi anga, ndidzaleko labu mizere yambiri. Akutinso kambiya ndikasamale, nkamene malemu apongozi aamuna ankavundikiramo fodya wawo, padenga la khola lomwelo.

Ndamuyang'ana Nabanda. Akusankha nyemba palichero, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, kumaso kuli ngwee.

"Unkadziwa?"

"Ine ku Wimbe madzi ake sindigwirizana nawo," watero, osadzutsa mutu n'komwe.

Kuseri kwa khola mphukira za labu zachita maluwa, zina zauma kale. Ndatenga chikho, ndikukapulula njere tonde asanazipeze.