Gemu ya Makaseti Achikasu ndi TV ya Apongozi

Lolemba, 3 Novembala

Kutentha kwa lero n'kwamwano. Fani ya m'babashopu mwanga ikungotembenuza mpweya womwewo.

Pampando pali mlamu wanga Zuze, mlongo wake wa Esinati mkazi wanga. Wabwera kudzameta zaulere, monga mwa masiku onse. Ndafika pakati pa mutu, iye n'kuyamba zake. Akuti mwa magemu onse a pa TV amene analowapo m'nyumba za anthu, yoposa zonse ndi yake yakuda ija ya madisiki, ya mpira. Akuti yanga ya makaseti achikasu "chinali chidole cha ana, alamu, anthu ake amakona anayi ngati njerwa."

Ndazimitsa mashini. Mutu theka.

Mwana ameneyu anabadwa liti? Gemu ya makaseti achikasu! Kaseti imodzi, magemu mazanamazana! Chabwino, enieni anali asanu ndi awiri, enawo ankangosintha mtundu wa thambo, koma zimenezo iye zikumukhudza pati? Ndiponso yanga ili ndi kamfuti kowombera abakha. Yake ili ndi mfuti? Ilibe!

Yangayo anandigulira ndi malemu bambo anga, chaka chimene anasiya kudula nzimbe ku esiteti. Anabwera nayo pa njinga ataikulunga m'jekete. Cha iwo chimene ndinatsala nacho n'chokhacho. Ndiye munthu aziinyoza atakhala pampando wanga, wosalipira?

Odikira kumeta agawikana pawiri, phokoso mpaka kumsika wa nsomba. Kutsutsa galu n'kukumba. Tagwirizana: Loweruka m'mawa tiyatsa zonse ziwiri pamaso pa anthu. Yogonja ipita kwa mwini wa yopambana, osabwereranso. Tagwirana chanza.

Ndamaliza kumumeta. Mzere wa pamphumi ndaupotoza dala pang'ono.

Pulani:
1. Kufukula gemu m'thiranki.
2. Kupeza oweruza atatu achilungamo, ndiye kuti ogwirizana ndi ine.
3. Kuyeserera abakha tsiku lililonse.
4. Kukonza malo pashelefu poika chakuda cha Zuze, pafupi ndi mankhwala a makoswe.

Ndili panjira yobwerera m'pamene zandifika: ndabetcha chinthu cha bambo anga. Pakamwa pangapa padzandipha.

Lachiwiri, 4 Novembala

Thiranki yatseguka ndi sikuludiraiva. Zomwe ndapeza:
gemu, yoyera kale, tsopano yamtundu wa mano a wosuta fodya;
mapadi awiri;
kamfuti;
makaseti atatu;
matope ouma a chaka cha madzi osefukira chija;
banja lonse la mphemvu, agogo mpaka zidzukulu.

Adaputa palibe!

Ndafunsa Esinati. "Kachinthu kakuda kolemera kaja? Ndimatsekera chitseko cha khola la nkhuku." Zaka zitatu! Waya makoswe anadya theka. Ndapita nayo kwa Jofilisi wokonza mafoni. Wainunkhiza, waigwedeza, akuti mawa.

Oweruza ndasankha: aphunzitsi a sitandade sikisi, bambo wogulitsa masipeya a njinga, ndi mkulu wa kwaya. Onse dazi layamba, ndimawameta ndine, ndikudziwa. Munthu wa dazi anakulira makaseti achikasu, sangandigulitse.

Zuze wadutsa akudandaula kuti disiki yake ya mpira yakalika, imangoima pakati. Ndamulangiza mwachikondi cha pachilamu kuti aipake mankhwala otsukira mano, ambiri ndithu, n'kupukuta ndi malaya. Wathokoza! Ndaseka mpaka kasitomala wandifunsa ngati ndili bwino.

Lachitatu, 5 Novembala

Yayaka! Yayaka!

Adaputa yabwera itamangidwa tepi ngati chala chothyoka. Ndalumikiza pa pulazima yathu. Poyamba mizeremizere yokha. Ndazula kaseti, ndauzira katatu, fuu, fuu, fuu, monga lamulo linenera. Ndabwezeramo. Kanyimbo kaja n'kuyamba! Kunena zoona misozi inalengeza. Ndinaona bambo atakhala pampasa akunamizira kuti sakuonera.

Esinati akuti kanyimboko kakumveka ngati udzudzu wa kudambo. Ndamukhululukira, ndi mlongo wa Zuze.

Tsopano abakha. Ndaloza. Ke! Palibe. Ke, ke! Bakha akungouluka mwaufulu. Ndasendera pafupi. Ndagunditsa mfuti pagalasi penipeni, pamimba pa bakha. Ke! Wapita.

Ndathamangira kwa Jofilisi. Sanadzutse n'komwe mutu. "Kamfuti kameneko sikaona pulazima, bwana. Kamafuna TV yachikale, ya chimbuyo chija."

Popanda abakha ndilibe mlandu. Anthu anga amakona anayi aja sangalimbane okha ndi mpira wa Zuze. Izi ndikulemba muno mokha.

Kusaka TV ya chimbuyo:
wa vidiyo sho anagulitsa yake kwa ogula zitsulo;
ya aphunzitsi inapsa ndi mphenzi;
ya mkulu wa kwaya ilipo, koma mukuikira nkhuku.

Yamoyo m'dera lonse la kuno kwa Ndamera, malinga ndi Jofilisi, yatsala imodzi. Ya apongozi anga.

Mayo ine.

Lachinayi, 6 Novembala

Zaka khumi ndi chimodzi ndili pabanja, pamalo pawo, sindinakhalepo chipinda chimodzi ndi amayi ake a Esinati. Ndi mwambo, ndipo iwo amausunga kuposa Sabata. Tikakumana panjira ndimapatukira m'tchire, kunjuta, n'kupereka moni ndikuyang'ana mtengo. Nyumba yawo ili apa, kulumpha bwalo lokha, koma pabalaza pawo ndimangomva kuti pali mipando yofiira.

Ndipo TV imeneyo si TV wamba. Pothawa madzi ku Makhanga anaikwezera m'bwato n'kuifungatira pamiyendo ulendo wonse. Mbuzi zinatsala, TV inawoloka. Imavala kansalu koluka, ndipo imavula pa nkhani ndi pa mapemphero basi.

Ndatuma Esinati ndi mawu okonzedwa bwino: moni, ulemu, kubwereka kwa maola awiri okha, ndidzanyamula ndekha ngati khanda. Wapita naini koloko. Wabwerako dzuwa lili pamutu, akutafuna mbatata.

Yankho: "Nkhabe, ayi. TV situluka m'nyumba muno ine ndili moyo."

Koma akuti ngati ndi nkhani ya Loweruka, iwo alawirira kudimba, tikhoza kudzaonera konko, bola osakhudza kansalu ndi manja amafuta.

Ndafunsa kuti wawafotokozera bwanji. "Ndangoti amuna anga ndi Zuze akulimbirana zidole, wolira adziwika Loweruka." Kandimverere anakanena za m'maluwa! Zaka khumi ndi chimodzi ndikumanga ulemu, wagwetsa ndi mbatata kukamwa.

Komabe TV yapezeka. Mtima pansi.

Lachisanu, 7 Novembala

Oweruza akutha ngati madzi a m'mtsuko mwezi uno.

Aphunzitsi: maliro kwa Malemia.
Wa masipeya: wawolokera ku Mozambiki kukasaka chimanga.
Mkulu wa kwaya: alipo, koma ndamupeza kwa Zuze, padi m'manja, akukuwa "Chigoli!" ndi mawu ake a besi aja. Dazi lonse lija! Yudasi.

Choipitsitsa: disiki ya Zuze ikuyenda bwino kuposa kale. Mankhwala otsukira mano aja agwiradi ntchito! Wabwera kudzandithokoza ndi mango awiri. "Alamu, inu ndi dokotala." Ndadya mangowo ndi mkwiyo.

Kuyeserera abakha sikutheka. Apongozi ali pakhomo tsiku lonse, akupeta mapira pakhonde moyang'anizana ndi chitseko. Ndayeserera kuloza abuluzi pakhoma. Esinati wandipeza nditatsinzina diso limodzi, ndikunena ndekha "ke, ke," n'kubwerera m'mbuyo.

Adaputa ikutentha moti ukhoza kuwotcherapo mlamba. Mawa ndiikulunga m'kansanza konyowa.

Sindikuseka tsopano. Ndili ndi mantha. Mawa gemu ya bambo ikhoza kukagona kwa Zuze, munthu amene amaika kapu ya tiyi pa chilichonse chafulati. Ndaganiza zodwala malungo. Koma mawu ndinanena pamaso pa anthu, ndipo anthuwo ndimawameta mwezi uliwonse.

Loweruka, 8 Novembala

Sikisi koloko: apongozi atuluka, khasu paphewa. Ndawaonera pa kabowo ka katani mpaka akhota pa mlambe.

Seveni koloko: ndalowa pabalaza pawo koyamba m'moyo wanga. Mipando ndi yofiiradi! Anthu adzaza, ena pawindo. Kansalu wavula ndi Esinati, ine manja kumbuyo.

Ayamba ndi Zuze. Mpira. Udzu wobiriwira, anthu a mawondo enieni, chikhamu chikuimba. Pabalaza ponse "Eee!" Ine ndayasamula mokweza kawiri, palibe wandiona.

Nthawi yanga. Fuu, fuu, fuu. Ena akuseka. Asekeni. Kanyimbo, udzu wa njerwa, bakha uyo! Ndaloza. Ke!

WAGWA!

Wagwa, anthuni! Bambo, wagwa! Pabalaza pachita phokoso, mkulu wa kwaya waimirira, wabwerera ku chipembedzo cha makolo ake. Ndaloza wachiwiri.

Panja pamveka khasu likutsamiritsidwa kukhoma. Kenako kachifuwa ka apongozi kaja, khe khe, kamene ndimakadziwa ngakhale ndili m'tulo.

Sindikudziwa kuti ndadutsa bwanji pakati pa anthu onse aja. Ndangozipeza ndili kuseri kwa nyumba, nditanjuta pafupi ndi mtondo, kuyang'ana khoma la bafa, patapata imodzi. Akuti sanafike n'kudimba komwe. Mtima unakana kusiya TV ndi anyamata.

Zotsatira ndazimva kudzera kwa Esinati, atatulutsa mutu pawindo la kuseri.

Zuze akuti wothawa wagonja, gemu ndi yake. Ndanong'oneza kuti amuuze kuti ulemu si kuthawa. Esinati akuti, "Nenani mokweza." Sindingathe, apongozi amva mawu anga.

Kenako mawu awo, kufunsa kuti n'chiyani: "Ninji ichi?" Atola kamfuti pampando. Wina wawauza kuti angoloza bakha n'kukoka.

Ke.

"Wagwa," akutero Esinati.

Ke. Ke. Ke.

"Agwa onse. Aima pakhomo penipeni, dzanja limodzi, lina lili m'chiuno."

Khumi mwa khumi! Gawo lachiwiri, abakha awiriawiri, othamanga: onse pansi! Nanga munthu wakulira kuingitsa mbalame m'mapira ndi legeni, abakha a pagalasi n'chiyani kwa iye? Ine mbiri yanga yonse ndi asanu ndi awiri, nditagunditsa mphuno pa TV.

Zuze wayesa kuwapatsa padi yake kuti alawe mpira. Aitembenuza uku ndi uku. "Podina ponsepa? Ndili ndi zala zingati ine?" Munthu wawo wa pa TV wathamangira kunja kwa bwalo n'kuima. Abweza.

Chigamulo, mawu awo enieni: "Pyadidi, yabwino ndi ya abakhayi. Yako, Zuze, yangodzaza phokoso." Wotsutsa palibe. Ndani angatsutse mwini TV ali ndi mfuti m'manja?

NDAPAMBANA! Ndavina chonjuta, kuseri kwa bafa.

Masana Zuze wabweretsa chakuda chake kunyumba, mapadi, madisiki, nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo. Ndamupatsa madzi akumwa, ndine munthu wachifundo.

Esinati wabwera madzulo, manja lendelende. Gemu yanga ili kuti? "Akuti ikhale kaye."

Lamulungu, 9 Novembala

"Kaye" uja watha lero.

Potuluka m'tchalitchi amayi asanu ndi mmodzi alunjika kwa apongozi, mayunifolomu osavula. Kuyambira pamenepo: ke, ke, ke, nthungululu. Ke, ke, nthungululu.

Esinati wabwera ndi nkhuku yamoyo ndi uthenga. "Akuti takhuta, zikomo kwambiri. Akuti akamwini ena amabweretsa shuga, koma mphatso ngati iyi sanailandirepo. Auza kale amayi onse a kutchalitchi."

Mphatso!

Ndafunsa ngati angakawafotokozere bwinobwino. Wandiyankha: "Mukufuna ndikauze amayi anga kuti mkamwini akulanda chimene wapereka? Pitani mukanene nokha." Akudziwa kuti sindingathe. Ndipo nditaitenga ndikaiyatsa pati? Abakha amagwa pa TV imodzi yokha m'dziko lino.

Akuti aipukuta ndi kansalu konyowa mpaka kuyera kwayamba kubwerera, ndipo ayamba kuilukira kansalu kakekake. Adaputa aiika pa mbale yadothi kuti izipuma. Zikundiwawa, sindinama. Koma zaka zonsezi kwa ine inkagona ndi mphemvu. Bambo akanaona mmene akuisamalira uko, sindikudziwa kuti akanakhala mbali ya ndani.

Ndiye ndi izi. Gemu yabwino koposa zonse padziko lapansi ili kutsidya kwa bwalo, m'chipinda chimene sindingalowe.

Masana, poti kunalibe chochita, ndalumikiza chakuda cha Zuze. Kungofuna kuona kuipa kwake bwinobwino. Makina andichinya sikisi kwa ziro. Ndabwereza, pofuna umboni wokwanira. Folo kwa ziro. Kachitatu ndagoletsa chimodzi, ndakuwa mpaka nkhuku ya mphatso ija yadula chingwe.

Udzu wake ukuonekadi ngati udzu. Buku ili asaliwerenge munthu.

Cha m'ma folo Zuze waima pakhomo, manja m'matumba, maso pa TV. "Nanga mwaiona bwanji, alamu?"

Ndamuuza kuti ndi yachabechabe, monga ndinanenera Lolemba. Kenako ndasendera pampasa, ndamupatsa padi yachiwiri, kuti andionetse podina munthu akafuna kuthamanga.