Chipukutamisozi cha Mfumu Msaukadala

Kuseri kwa mapiri amene amalonda adatopa kuwakwera kudali dziko la Tapemphanso, dziko la chonde chopsetsa mtima anansi, moti ngakhale mpini woiwalika m'munda unkaphuka masamba. Mwini dzikolo adali Mfumu Msaukadala, munthu wa mapewa otambalala ndi dzanja lolunjika, ndipo chimene ankanyadira koposa lidali Dambo la Makolo, bwalo la gofu la msipu wosalala ngati mphasa yatsopano. Chaka ndi chaka mafumu a maiko ozungulira ankasonkhana pamenepo kudzamenya kampira koyera ndi ndodo, ndipo amene wakalowetsa m'maenje onse atamenya kochepa ankatenga chikho ndi ngolo za mphatso.

Masewerawo adali ndi lamulo lachifundo lotchedwa handikapu, limene a ku Tapemphanso adalipatsa dzina loti chipukutamisozi. Bwalo lidali ndi muyezo wake: katswiri ankayenera kulimaliza atamenya ka 72. Akuluakulu a mpikisano ankatenga masewera makumi awiri omaliza a munthu, n'kusankhapo asanu ndi atatu amene adachita bwino, n'kuona kuti kawirikawiri amapyola muyezo ndi zingati. Nambala imeneyo ankamuchotsera tsiku la mpikisano, kuti wofooka naye alimbane ndi akatswiri. Lamulolo lidalibe vuto, koma tsoka lake lidagwera m'makutu a nduna yaikulu, a Vomerezani.

"Mwinidziko, inu mthunzi wathu," adatero atagwada, "mukamenya bwino chipukutamisozi chimachepa, mukaphonya chimakula. Nanga thukuta tikhetserenji? Phonyani mwaulemu chaka chonse, dzanja lenileni mudzalitulutse tsiku la chikho."

"Nduna yanga," idayankha mfumu, "lero ndadziwa kuti mutu wanuwo si wosenzera chipewa chokha."

Kuyambira pamenepo mfumu idalimbikira kuphunzira kuphonya, ndipo idali ntchito yaikulu, pakuti dzanja labwino limakana. Kampira kankagwera mumtsinje, kankakwiririka mumchenga, tsiku lina kadakathyola mwendo wa tambala wa kunyumba yachifumu. Chipukutamisozi chidakwera kuchoka pa zisanu kufika pa makumi atatu, chikho n'kukhazikika ku Tapemphanso ngati mkamwini wokondedwa. Anthu nawo adatengera: alendo akamabwera, mlimi ankabisa nkhokwe ndi mapesi, mayi n'kuvala chitenje chong'ambika, ana n'kuphunzitsidwa kukwinya nkhope asadadziwe kuwerenga. Patapita zaka, ngakhale tsiku la chikho mfumu sinkavutikanso kutulutsa dzanja lenileni lija. Nambala inkaipambanira yokha. Koma akulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chaka china mkulu wa mpikisano, Mfumukazi Chaulerepalibe, adaimirira pamaso pa mafumu onse. "Mbale wathu Msaukadala, tawerengera masewera anu, ndipo mitima yathu yasweka. Pansi pa thambo palibe wofooka ngati inu. Dambo lokongola chonchi ndi katundu wolemera kwa munthu wa manja odwala. Choncho tagwirizana kuti tikusungireni. Tilimangira mpanda, ndipo inu muzilowa mukapempha."

Mfumu idachita mantha enieni, pakuti m'mphepete mwa dambolo ndi momwe mudagona makolo ake. "Amayi, pepani, kudali kusereula chabe! Dzanja ndili nalo!"

"Ngati ndi choncho, tikondwera nanu," adatero mfumukaziyo mofatsa. "Sewerani lero popanda chokuchotserani. Mukayandikira muyezo ngati kale, dambo ndi lanu."

Mfumu idavula mkanjo, idalavulira m'manja, n'kuloza dzenje loyamba ndi mtima wonse. Koma dzanja limene idaliphunzitsa mwakhama chotero lidachita zimene lidaphunzira: lidapotoka lokha, kampira n'kulunjika mumtsinje. Idalikalipira, idalinyengerera, idaitana mizimu ya makolo, koma pofika dzenje lomaliza idali itamenya kopyola zana, ndipo amisiri a alendo adali atayamba kale kukumba maenje a mizati.

Mfumu itaima kunja kwa mpanda, thukuta ndi misozi zitasakanikirana, a Vomerezani adafika akuwerenga zala, nkhope ili mwee, n'kugwada.

"Mwinidziko, inu mthunzi wathu, ndabwera ndi uthenga wabwino. Ndi masewera a lerowa, chipukutamisozi chanu chakweranso."