A Komiti, Mchimwene wa Wodi Yonse

Pachipatala chathu panali bambo ena amene ankafunsa aliyense mapepala a sukulu, pomwe iwo eni sankatha kuwerenga ngakhale dzina lawo. Sanali dokotala, sanali namwino, sanali mlonda, ndipo pamndandanda wa olembedwa ntchito panalibepo. Koma kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, palibe wovala zoyera amene analowa mu wodi ya abambo asanadutse m'manja mwawo. Tinkawatcha a Komiti, chifukwa polankhula ankangoti, "Komiti yaona," "Komiti yakana," "Komiti ikufuna tiyi."

Poyamba anabwera kudzadwazika akazi awo. Mayiwo atamwalira, bambowa anapita kukaika maliro, koma patangotha sabata anatulukiranso ndi kachikwama kawo, nati kunyumba kwachuluka zii. Kuyambira pamenepo ankafika m'mawa uliwonse kudzasambitsa odwala opanda abale, kuwadyetsa, kuwatembenuza ndi kukankha machira, popanda wowatuma kapena wowalipira.

Ine ndine namwino. Tsiku langa loyamba ndinafika nditangochoka kusukulu, yunifomu nditaisita mpaka kuthwa ngati lumo. Pakhomo la wodi panaima mkulu wamfupi, wadazi, atavala jekete lalikulu kuposa mwini wake.

"Mwana wanga, mapepala."

Ndinayesa kuti ndi mkulu wa chipatala, choncho ndinapereka satifiketi yanga ndi manja awiri. Anaigwira mozondotsa, naiyang'ana nthawi yaitali akugwedeza mutu. Kenako anainunkhiza.

"Pepala n'labwino, lolimba. Komano pepala silisanza. Tiye."

Ananditengera pabedi la pakona, pomwe panagona nkhalamba ina imene inali itangodziipitsira. "Yamba. Komiti ikuonerera."

Ndinagwira ntchitoyo misozi ikulengeza, mphuno nditaikwinya. Nditamaliza anati, "Manja wakhoza, nkhope walephera. Munthu akadziipitsira sayang'ana manja ako, amayang'ana nkhope yako. Ubwereze mawa."

Ndinabwereza milungu itatu yathunthu, ndisanamve kwa mayi wokolopa kuti mkuluyo sanali kanthu pachipatalapo. Ndinakwiya masiku awiri osawapatsa moni. Koma nkhope ija ndinali nditaiphunzira kale.

Chaka china kunabwera dokotala wochokera kumaphunziro kunja, wa masatifiketi atatu a m'mafelemu ndi Chingerezi chotulukira m'mphuno. A Komiti atamupempha mapepala, iye anangoseka n'kudutsa. Iwo sanakwiye. Anamudikira mpaka tsiku limene anamupeza akukanda mutu pabedi la munthu wina wachibayo yemwe sankachira.

"Adokotala, ameneyu ndani?"

"Wachibayo."

"Chibayo ndi mlendo chabe. Mwini nyumba ndani?"

Dokotala anatambasula dzanja kuti atenge khadi la wodwalayo.

"Lisiyeni pepalalo. Ameneyu ndi telala. Ali ndi ana asanu ndi awiri ndi mkazi wolongolola ngati wailesi. Kuno akudya katatu, akugona masana, womukalipira palibe. Mukanakhala inu mukanachira? Tatengani nsapato yake ili pansi pa bediyo."

Dokotala anawerama, natenga nsapato n'kuikhutula. Mapiritsi anagwa ngati matalala, a masiku asanu ndi anayi.

"A Komiti, mwandigulitsa!" analira motero telala.

"Komiti yakugulitsa kuti usafe, chitsiru iwe. Imwa."

M'mawa mwake dokotala uja anabwera atakupatira mafelemu onse atatu, nawapereka. A Komiti anawanunkhiza limodzilimodzi. "Awiriwa akhoza. Lachitatuli likungonunkha ndege."

Musaganize kuti anali mngelo. Ankakangana ndi choyezera kutentha kwa thupi, ati chikhatho chawo sichinama. Zithunzi za ekiselo ankaziyang'ana padzuwa n'kulengeza kuti munthuyo ali ndi nthiti zambiri kuposa muyezo. Ndipo masana ena kukutentha, anapeza munthu atagona pamachira m'khonde, atafunda nsalu mpaka kumutu. Sanafunse. Anakankha machirawo kulunjika kunyumba yachisoni, akuimba nyimbo ya maliro chapansipansi. Atafika pakhomo, gudumu linagunda mwala, mtembo n'kudzuka kufunsa ngati chakudya chamasana chapita kale. Anali mlamu wa wodwala wina amene anangoti apumuleko. A Komiti analiyatsa liwiro kusiya nsapato imodzi pomwepo, mtembo nawo utaona pomwe uli unaliyatsa kulowera kwina. Atabwerera tinawafunsa tikugubuduka ndi phwete.

"Komiti imangofuna kumuyesa ngati ali moyo," anatero akupuma wefuwefu. "Wakhoza."

Mavuto enieni anabwera ndi bwana watsopano wa mu ofesi, bambo wa tayi ndi mafayilo, amene ankadutsa mu wodi atatseka mphuno ndi kampango. Iye analengeza kuti chipatala si msika, ndipo wodzipereka aliyense ayenera kukhala ndi satifiketi. Anakonza maphunziro a masiku atatu. Tsiku loyamba holo inadzaza ndi nkhope zomwe sitinazionepo: alamu ake a bwana, asuweni ake, ndi asuweni a asuweniwo, onse atamva kuti kuli masikipa ndi zakumwa zozizira. Wophunzitsa anali mayi wa nsapato za gogoda, amene ankasonyeza katembenuzidwe ka wodwala pogwiritsa ntchito chidole.

A Komiti anakweza dzanja. "Amayi, chidolecho chimatukwana?"

"Ayi, bambo."

"Chimalira kuti chikufuna mayi ake?"

"Bambo, ichi n'chidole."

"Ndiye kuti inu mumadziwa kutembenuza chidole. Komiti yamva. Pitirizani."

Tsiku lachitatu kunali mayeso olemba. A Komiti anakhala maola awiri atagwira pensulo ngati khasu. Anajambula bedi, munthu atagona pamwamba, wina ataima pambali atagwira supuni. Anapeza ziro. Asuweni onse anakhoza, nalandira masatifiketi ndi masikipa olembedwa kumsana kuti Wodzipereka. Masikipawo tinkawaona kumsika, kumpira, kumowa, paliponse kupatula mu wodi.

A Komiti analetsedwa kulowa. Amene anawauza anali mlonda wa pakhomo, yemwe bambo ake anatsirizikira m'manja mwa a Komiti omwewo, ndipo anawauza maso ali pansi. Iwo sanatsutse. Anatola njerwa ziwiri, nakakhala panja, pansi pa zenera la wodi, n'kumafuula: "Wa pabedi lachitatu mwamutembenuza? Wa pakonayo sakonda madzi ozizira! Sisita, wachisanuyo akukunamizani, sanameze!"

Tinkaseka, koma kuseka kwake kunatha msanga. Anamwino tinali awiri, odwala makumi asanu ndi limodzi. Pasanathe milungu iwiri, anthu atatu anatuluka zilonda kumsana chifukwa chogonera mbali imodzi. Nkhalamba ina yosaona, imene anaitola pamalo okwerera basi, inasiya kudya. Mbale tinkaika pakabati n'kudzaichotsa ili momwemo, pakuti panalibe woti akhale pansi theka la ola kuinyengerera. Nkhalambayo inali kupita tikuona.

Amene anapeza njira anali dokotala wa mafelemu uja, yemwe tsopano imvi zinali zitayamba ndipo Chingerezi chinali chitatsikira pakamwa. Anawerenga malamulo a bwana kuchokera poyamba mpaka pomaliza, napeza pomwe analemba kuti wodwala aliyense aziloledwa wachibale mmodzi womudwazika. Za satifiketi ya wachibale sanalembepo kanthu. Anatenga khadi la nkhalambayo, pampata wa wachibale n'kulemba kuti mkulu wake. Kenako anasuzumira pazenera.

"A Komiti, mng'ono wanu sakudya."

A Komiti anadzuka, nasasa fumbi pajekete, nakaima pamaso pa mlonda. "Ndabwera kudzaona mng'ono wanga." Mlonda anatsegula chitseko mpaka kuchigunditsa kukhoma. Madzulo a tsiku limenelo mbale inabwerera ili mbee.

Pofika kumapeto kwa chaka, a Komiti anali mchimwene wa anthu oposa makumi anayi: aatali, aafupi, oyera, akuda bii, ena olankhula zinenero zimene iwo sankazimva n'komwe. Bwana anatulukira mu wodi atanyamula mulu wa makadi.

"Bambo, kodi mayi anu anabereka ana angati?"

"Anali mayi wakhama, bwana."

"Uyu akukuposani ndi zaka makumi awiri, koma alembedwa kuti ndi mng'ono wanu!"

"Mavuto amakalambitsa."

"Nanga uyu? Simumvana ngakhale moni!"

"Tinayambana kalekale, sitilankhulana. Koma chibale n'chipsera, bwana, sichipola."

Bwana anayang'ana dokotala, dokotala anayang'ana kudenga. Bwana anatuluka ndi makadi ake. Lipoti lake la chaka chimenecho linati zilonda zakumsana zatheratu chifukwa cha maphunziro a odzipereka, ndipo anamukweza pantchito.

Chaka chatha a Komiti anagwa m'khonde akukankha machira. Unali mtima. Tinawagoneka pabedi la pazenera, ndipo khadi lawo ndinalemba ndine.

"Wachibale ndilembe ndani, bambo?"

Anasisita bulangeti. "Pamenepo siya choncho, mwana wanga. Ine ndi mayi aja ana sitinakhale nawo."

Sindikudziwa amene anafalitsa uthengawo. Tsiku lachiwiri kunabwera kalipentala wina wa mwendo umodzi, nati akufuna mkulu wake. Anatsatira dalaivala wopuma pantchito, kenako bambo wa chinenero chachilendo uja atanyamula malalanje m'chipewa. Pofika Loweruka khonde linadzaza. Mlonda anayesa kuwakumbutsa kuti lamulo limalola wachibale mmodzi, koma aliyense ankati wachibaleyo ndi iye, ndipo makadi athu omwe ankawachitira umboni. Anagawana maola pawokha atakangana ngati ana olimbirana mpando. Ankawadyetsa mosinthana, a Komiti akudandaula kuti supuni sakuigwira bwino, kuti uyu akuthamanga, kuti uyo akupumira m'mbale. A Komiti anakhala pabedipo masiku khumi ndi limodzi. Anamwalira Lachiwiri cha m'ma teni m'mawa, kalipentala atangomaliza kuwameta ndevu. Lumo linali lisanatsukidwe.

Wodi ilipobe. Mabedi ndi omwewo, fungo ndi lomwelo, ndipo anamwino tikadali awiri. Chomwe chimandivuta ndi nthawi yoona odwala. Belu likatsala pang'ono kulira, a Komiti ankatulukira khomo lakumbuyo, kupukuta nsapato ndi tsamba, n'kukaima pamzere pageti limodzi ndi alendo ena. Likalira ankalowa ndi gulu, akuunguzaunguza ngati munthu wochokera kutali, mpaka kukafika pabedi la wodwala wopanda womuyendera. "Aa, uli apa iwe! Ndakufunafuna chipatala chonse." Pomwe anali atamusambitsa munthuyo m'mawa womwewo. Ife tinkati ndi misala.

Masiku ano belu likalira, anthu amakhamukira mkati ndi mabasiketi ndi mafulasiki, wodi yonse n'kudzaza moni ndi phokoso. Koma pamakhala mabedi ena amene eni ake amakoka bulangeti, kutembenukira kukhoma, n'kunamizira tulo mpaka alendo atatuluka. Dzulo ndinawawerenga, anali asanu ndi awiri. Ndinafuna kupita kwa mmodzi yekha, koma m'manja ndinali ndi jakisoni, ndipo anthu makumi atatu anali kundidikira.